Nyimbo zopanda "doh": zomwe wopeka nyimbo amakumana nazo ku yunivesite

Wowerenga wina watilembera motere: "Zikomo aphunzitsi. Ndine mnyamata wa zaka 21, ndimaimbitsa kwaya kutchalitchi kwathu komanso ndimaimba kiyibodi. Nyimbo ndimawerenga m'solofa ndipo ndapekako zingapo zomwe kwaya yathu imaimba. Ndikufuna kukaphunzira kupeka nyimbo ku yunivesite, mwina ku South Africa. Pa mndandanda wa maphunziro ndaonapo mayina ngati Schoenberg, Stravinsky ndi Ligeti, komanso mawu ngati serialism ndi minimalism. Nditamverako zina mwa nyimbozo, ndinangomva ngati mphaka akuyenda pa kiyibodi. Kodi vuto ndi khutu langa? Ndikonzekere bwanji, ndipo kodi sindikataya nthawi?"

Achimwene, khutu lanu lili bwinobwino, mtima m'malo. Simuli nokha. Pa 29 Meyi 1913, ku Paris, pomwe nyimbo ya Stravinsky yotchedwa The Rite of Spring inkaimbidwa koyamba, anthu omwe anakulira m'nyimbo za orchestra anasokosera m'holo mpaka ovina ankavutika kumva zoimbira. Ngati eni mwambo anadodoma chotero, inu wa kwaya simungadziimbe mlandu.

Chomwe chikukusokonezani n'chakuti khutu lanu linazolowera kuti nyimbo ili ndi kwawo. M'solofa kwawoko ndi doh. Chuni chimachoka pa doh, n'kukayenda kwa fah ndi soh, n'kubwerera, ndipo mukamva soh akutsikira pa doh mumadziwa kuti tafika. Nyimbo za ku Ulaya zinayenda choncho kwa zaka pafupifupi 300. Kenako opeka anayamba kuchedwetsa kubwererako. Wagner ankachedwetsa kwa maola. Debussy ankagwiritsa ntchito makwerero a manoti 6 otalikirana mofanana, C, D, E, F#, G#, A#, omwe mulibe noti yokoka zinzake. Cha m'ma 1908 Schoenberg ku Vienna anangosiyiratu kulemba kiyi. Kuyambira pamenepo wopeka aliyense anafunika kuyankha funso limodzi: ngati doh palibe, n'chiyani chimange nyimboyi kuti isamwazike? Masitayilo onse omwe mwaona pa mndandandawo ndi mayankho osiyanasiyana a funso limeneli. Mukamamvera, musamasake doh. Muzisaka chingwe chomwe wopekayo wamangira mtolo wake.

Koma tiyambe ndi zapafupi. Chaka choyamba sakakupatsani Schoenberg. Digiri yoyamba ya nyimbo, yotchedwa BMus, ku South Africa nthawi zambiri imatenga zaka 4, ku England zaka 3, ndipo chiyambi chake ndi harmony ya mawu anayi potsata nyimbo za m'tchalitchi za Bach, counterpoint (kuluka machuni angapo oyenda paokha), kuphunzitsa khutu, kusanthula nyimbo za ena, ndi kudziwa zoimbira. Apa kwaya ikuthandizani kwambiri, chifukwa soprano, alto, tenala ndi besi mumawamva kale m'mutu. Pali chimodzi chomwe chikakupwetekeni mtima: kwathu kuno mawu awiri amakonda kuyendera limodzi, wina akakwera winanso akwere pa mpata womwewo, ndipo zimakoma. M'kalasi ya harmony, mawu awiri akayenda motero pa mpata wa fifth (ngati doh ndi soh) kapena octave (doh ndi doh wapamwamba), mphunzitsi amazunguliza ndi cholembera chofiira. Limenelo ndi lamulo la sitayilo ya nthawi ya Bach, lomwe cholinga chake n'chakuti liwu lililonse limveke palokha. Silikunena kuti agogo athu ankaimba molakwa. Ndipo Debussy yemweyo analiphwanya mwadala.

Ntchito yaikulu yomwe muyenera kuyamba lero ndi kuwerenga nyimbo za pa mizere isanu, zomwe oimba amangoti staff. Solofa imatchula noti potengera mtunda wake kuchoka pa doh. Kiyi ikasintha kamodzi kapena kawiri, mumasamutsa doh n'kupitiriza, ndipo fe ndi ta amakuthandizani. Nanga nyimbo yopanda kiyi, doh mumuika pati? Solofa imathera pomwepo. Komanso woimba vayolini kapena lipenga la orchestra sawerenga solofa. Musaitaye ayi, chifukwa munthu wa solofa amaimba zomwe waona popanda chida, luso lomwe anzanu ambiri okulira pa piyano alibe. Chitani chonchi: tengani nyimbo imodzi ya kwaya yanu tsiku lililonse, muisamutsire pa staff ndi pensulo, mawu onse anayi, kenako muiimbe pa kiyibodi kuchokera pa pepala latsopanolo. Mphindi 30 patsiku kwa miyezi 4 mpaka 6 zimakwana kwa munthu wodziwa kale solofa. Muphunzire zizindikiro za koyambirira kwa staff zomwe zimapatsa mizere mayina a manoti: treble clef ndi bass clef, kenako alto clef ya viola. Mulingo woti mudziyesere ndi mayeso a theory a giredi 5 a ABRSM (bungwe la mayeso a nyimbo la ku Britain) kapena a Unisa (yunivesite ya ku South Africa), chifukwa masukulu ambiri amayembekezera kuti wofuna BMus afike pafupi pamenepo kapena kupitirira.

Tsopano kalasi ya nyimbo za m'ma 1900. Chida choyamba chomwe mudzapatsidwe ndi manambala. Manoti 12 a mu octave amatchedwa 0 mpaka 11: C ndi 0, C# ndi 1, D ndi 2, mpaka B yemwe ndi 11. Mawerengedwe ake ndi a wotchi: mukadutsa 11 mumabwerera pa 0, choncho 9 kuwonjezera 5 ndi 2, osati 14. Tengani kagulu ka manoti atatu, 0, 1, 4, kutanthauza C, C#, E. Kakwezeni ndi 5, mupeza 5, 6, 9, omwe ndi F, F#, A. Katembenuzeni chadodolido, pochotsa nambala iliyonse pa 12, mupeza 0, 11, 8, omwe ndi C, B, A♭. Kayendetseni chafutambuyo, mupeza 4, 1, 0. Imbani zonsezi pa kiyibodi motsatizana. Mumva kuti n'zapachibale ngakhale palibe kiyi. Nyimbo zambiri za Schoenberg ndi ophunzira ake Berg ndi Webern zamangidwa ndi timagulu totere, tina toimbidwa motsatizana ngati chuni, tina pamodzi ngati chord. Mphaka uja sankayenda mwachisawawa.

Cha m'ma 1921 mpaka 1923 Schoenberg anakhwimitsa njirayi. Wopeka amandandalika manoti onse 12 mu mzere umodzi, iliyonse kamodzi, ndipo nyimbo yonse imachokera mu mzerewo. Mzerewo ungaimbidwe momwe uliri, chadodolido, chafutambuyo, kapena chadodolido ndi chafutambuyo pamodzi, ndipo uliwonse ungayambire pa noti iliyonse mwa 12, kotero pali mitundu 48. Mudzajambula tebulo la mabokosi 12 m'litali ndi 12 m'lifupi kuti muone yonse. Imeneyi ndiyo serialism pachiyambi pake. Ophunzira amalakwitsa zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka. Wina amaganiza kuti akatsata tebulo ndiye kuti wapeka nyimbo, n'kulemba manoti onse otalika mofanana, mphamvu imodzimodzi, mpaka womvera kuwodzera. Tebulo limangokupatsani dzina la noti. Kutalika kwake, octave yake, chida choiimba, poyambira mpweya ndi pothera, zonsezo ndi zanu. Wina amasankha mzere osaumvera, mkati mwake muli C, E, G motsatizana, ndiye khutu la womvera limagwira doh n'kuyamba kumva zina zonse ngati zolakwika. Si tchimo ngati mwachita dala, Berg anachita zimenezi mu concerto yake ya vayolini ya 1935, koma zisakuchitikireni mwangozi. Muziyamba ndi kuimba mzere wanu pakamwa. Ngati simungauimbe pakatha sabata, simunaudziwe.

Ena anamanga mtolo ndi kagundidwe. Stravinsky amasintha muyeso pafupifupi bala (kagawo ka nyimbo pa staff) iliyonse, 3/16, 2/16, 5/16, n'kubwereza kachuni kafupi kosuntha malo ake ogogomeza. Bartók, yemwe kuyambira cha m'ma 1906 ankayenda m'midzi ya ku Hungary ndi Romania kujambula nyimbo za alimi, anatengako miyeso yosalingana ngati 2+2+3. Mabuku ake a piyano a Mikrokosmos, okhala ndi tinyimbo 153 toyambira pophweka, ndi sukulu yabwino kwambiri kwa inu, chifukwa mumaphunzira staff ndi sitayilo yatsopano nthawi imodzi. Messiaen wa ku France ankakonda makwerero a manoti 8 osinthanitsa semitone (mpata ngati wa me ndi fah) ndi toni (ngati wa doh ndi ray), C, D♭, E♭, E, F#, G, A, B♭, komanso kagundidwe komveka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo. Nyimbo yake yotchuka ya zida zinayi inaimbidwa koyamba mu 1941 mu msasa wa akaidi a nkhondo ku Görlitz, ndipo zidazo zinali piyano, clarinet, vayolini ndi cello chifukwa ndiwo oimba omwe analipo. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, maphunziro a pachaka a ku Darmstadt ku Germany, omwe anayamba mu 1946, anasonkhanitsa achinyamata ngati Boulez ndi Stockhausen omwe anaika m'mizere ngakhale kutalika ndi mphamvu ya noti. Mudzalemba chitsanzo chimodzi kapena ziwiri basi. Mudzamva za Pierre Schaeffer yemwe mu 1948 anapeka nyimbo podula ndi kulumikiza phokoso lojambulidwa la sitima, ndi John Cage yemwe ankaika mabauti ndi labala pakati pa nsambo za piyano, n'kudzalemba mu 1952 nyimbo ya mphindi 4 ndi masekondi 33 yomwe woimba saimba kanthu. Ligeti mu Atmosphères ya 1961 anapatsa woimba aliyense wa orchestra mzere wakewake, mizere yambirimbiri yopiringizana mpaka osamvanso chuni, kungomva ngati chifunga chikusintha mtundu. Pamenepo chingwe ndi kuchindikala kwa mawu: pothinana, popyapyala, pamwamba, pansi.

Minimalism, yomwe imamanga nyimbo pobwereza tizidutswa tatifupi, ndiyo ikakulandireni ngati mlendo wodziwika. Terry Riley mu 1964 analemba In C, tizidutswa 53 tomwe woimba aliyense amabwereza momwe wafunira asanapite pa kotsatira. Steve Reich anapita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma za Aewe, ndipo mu 1972 analemba Clapping Music ya anthu awiri oomba m'manja. Muiyese ndi mnzanu wa mu kwaya. Muyeso uli ndi tigawo 12: kuomba katatu, kupuma, kuomba kawiri, kupuma, kamodzi, kupuma, kawiri, kupuma. Woyamba sasintha. Wachiwiri akabwereza kangapo amasuntha ndi kagawo kamodzi, n'kusunthanso, mpaka atasuntha ka 12 n'kukumananso ndi mnzake. Munthu wokulira pomwe amayi amaomba m'manja katatu pomwe ng'oma ikugunda kawiri sachedwa kuigwira. Chovuta n'kulemba yanu. Ophunzira amaganiza kuti minimalism ndi kukopera bala imodzi ka 40 pa kompyuta. Popanda njira yomveka yosinthira, monga kusuntha, kuwonjezera noti imodzi ulendo uliwonse, kapena kuika noti pomwe panali kupuma, womvera amatopa pa mphindi yachiwiri.

Pali ubale wina wotikhudza. Ligeti polemba Études zake za piyano, zomwe buku loyamba linatha mu 1985, anaphunzira nyimbo za ku Central African Republic zojambulidwa ndi Simha Arom, komanso zolemba za Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria yemwe wagwira ntchito zaka zambiri ku Malawi pamodzi ndi banja la a Kachamba ku Chileka. Kubik anafotokoza momwe oimba awiri a chida cha mitengo amalowetsanirana manoti mothamanga mpaka khutu limamva chuni chachitatu chomwe palibe akuimba. Amene anamvapo mangolongondo akudziwa zomwe ndikunena. Choncho zina zomwe mudzaphunzire ngati zamakono za ku Ulaya zinadutsira kuno.

Ndiye pali spectralism, ya opeka a ku France a m'ma 1970 ngati Gérard Grisey ndi Tristan Murail. Noti iliyonse ili ndi tinoti tina mkati mwake. Nsambo yonjenjemera ka 55 pa sekondi imatulutsanso 110, 165, 220, 275, 330, 385 ndi kupitirira. Piyano imagawa octave m'magawo 12 ofanana, lililonse masenti 100, koma kanoti ka 275 kaja kali pansi pa noti ya piyano ndi masenti 14, ka 385 ndi masenti 31. Grisey mu Partiels ya 1975 anatenga E wapansi wa trombone, n'kugawira oimba tinoti ta mkati mwake. Kalasi imeneyi imakutsegulani maso kuti machunidwe a piyano si okhawo olondola. Valimba ya ku chigwa cha Shire imagawa octave m'magawo 7 pafupifupi ofanana, masenti cha m'ma 171 lililonse. Mukaiumiriza pa kiyibodi mumapha kukoma kwake. Nkhani imeneyi ingakupatseni ntchito ya chaka chomaliza yomwe mnzanu wa ku Cape Town sangalembe.

Koma chenjerani nayo. Kungomata ng'oma pansi pa machord a ku Ulaya n'kunena kuti ndi nyimbo ya Chiafirika, aphunzitsi amazindikira msanga. Tengani kamangidwe: kulowetsana kwa mawu, kuyankhana kwa wotsogolera ndi gulu, machunidwe. Opeka ngati Akin Euba wa ku Nigeria analimbana ndi funsoli moyo wawo wonse, ndipo nyimbo zawo n'zoyenera kumvera. Za kudambwe ndi za ku chinamwali zili ndi eni ake, musazijambule kapena kuziika pa pepala osapempha kwa akuluakulu. Ndipo poika mawu a Chichewa pa chuni cha masitayilo atsopanowa, kumbukirani kuti chiyankhulo chathu chili ndi kukwera ndi kutsika kwake. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa kamvekedwe. Mzere wa manoti 12 ukalumpha mosasamala, womvera amva liwu lina. Yambani mwayankhula mawuwo mokweza, mujambule mzere wa kukwera ndi kutsika kwake, kenako musankhe manoti.

Chomwe chimagwetsa ophunzira ambiri si serialism ayi, ndi kompyuta. Mwa mapulogalamu olembera nyimbo pa staff, MuseScore ndi yaulere ndipo ikukwanirani, Sibelius ndi Dorico n'zogula. Vuto n'lakuti kompyuta siipuma mpweya, siitopa zala, ndipo imaimba noti iliyonse yomwe mwaika. Vayolini sitsika kupitirira G wa pansi pa C wapakati. Flute ikaimba manoti ake apansi imamizidwa ndi lipenga limodzi lokha. Clarinet ya B♭ ikawerenga C imatulutsa B♭, choncho gawo lake muyenera kulilemba toni imodzi pamwamba, ndipo la horn ya F muyenera kulikweza ndi fifth. Mukaiwala, zoyeserera zimathera pokonza mapepala. Ku yunivesite oimba amakupatsani mwina mphindi 20 kapena 30 zoti ayese nyimbo yanu, ndiye pepala lililonse likhale ndi manambala a mabala, liwiro la metronome (kugunda kangati pa mphindi), zizindikiro za mphamvu, ndi potembenuzira tsamba pomwe woimbayo akupuma. Wopeka wanzeru amapita kwa woimba sabata imodzi zisanachitike n'kufunsa kuti, "Apa zikutheka?"

Polembetsa, masukulu ambiri amafuna nyimbo ziwiri kapena zitatu zomwe mwapeka, zolembedwa pa staff, zojambulidwa ngati n'kotheka, kuphatikiza mayeso a theory ndi khutu, ndipo ambiri amafunanso kuti muwaimbire chida. Musatumize zitatu zofanana. Imodzi ikhale ya kwaya, pomwe pali mphamvu zanu, yoimbidwa ndi kwaya yeniyeni ngakhale yojambula pa foni. Ina ikhale ya chida chimodzi, mphindi 2 kapena 3, yomangidwa pa kagulu ka manoti atatu ngati kaja. Yachitatu ikhale ya kagundidwe, ya manja kapena ng'oma. Nyimbo yaifupi yomalizidwa bwino imaposa symphony ya masamba 60 yomwe palibe anaimvapo.

Za kutaya nthawi, ndikuuzani mosabisa. Ndi ochepa, ngakhale ku Ulaya, omwe amadya ndi kupeka nyimbo za m'holo zokha. Ambiri amaphunzitsa, amakonzera makwaya ndi mabandi, amalemba nyimbo za mafilimu, masewero ndi zotsatsa malonda, kapena amagwira ntchito mu situdiyo. Mukabwerera kwathu simudzapeza orchestra yokudikirirani. Mudzapeza makwaya, mabandi a malipenga a asilikali ndi apolisi, oimba gitala ndi kiyibodi, oimba ng'oma ndi bangwe. Apa ndiye pobwerera kwa Messiaen uja: kulembera oimba omwe alipo. N'chifukwa chake posankha sukulu muone ngati ili ndi maphunziro a ukadaulo wa situdiyo ndi a nyimbo za mu Afirika pambali pa kupeka. South African College of Music ku University of Cape Town imaphunzitsa nyimbo za ku Ulaya, jazz ndi za mu Afirika, ndipo Rhodes University ku Makhanda imasunga International Library of African Music yomwe Hugh Tracey anayambitsa mu 1954, momwe muli zojambulidwa za ku Malawi. Funsaninso ku University of Malawi ku Zomba za maphunziro awo a nyimbo, chifukwa kuyambira kunyumba n'kukachita digiri yachiwiri kunja kumapepuka pa thumba. Ngati mtima wanu uli pa nyimbo za uzimu zogulitsa kapena kupanga mabiti, dipuloma ya music production ingakuyenereni kuposa zaka 4 za counterpoint, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Pali malo omwe simuyenera kulimbana nokha. Ngati pakatha miyezi 6 mukulepherabe kulemba pa staff chuni cha mabala 4 chomwe wina wakuimbirani katatu, pezani mphunzitsi wa theory, ngakhale kamodzi pa sabata, chifukwa zizolowezi zolakwika za kuwerenga zimavuta kuchotsa. Nyimbo zanu zisanatumizidwe, munthu wodziwa staff azione, makamaka kalembedwe ka kagundidwe, komwe odziphunzitsa okha amalakwitsa kwambiri. Lemberani dipatimenti ya sukulu yomwe mukufuna chaka chathunthu nthawi isanakwane, mufunse zomwe amafuna, tsiku lotseka, ndalama za ophunzira ochokera kunja ndi chithandizo chomwe chilipo, chifukwa izi zimasintha chaka ndi chaka. Ndipo ngati m'makutu mukulira kosalekeza mutachoka pafupi ndi masipika a kutchalitchi, kapena khutu limodzi likumva mochepa, kaonaneni ndi dokotala msanga, musadikire.

Pa kumvera, musameze zonse nthawi imodzi. Sankhani nyimbo imodzi yaifupi pa sabata, muimvere kasanu: kawiri opanda pepala, kawiri mukutsata pepala, kamodzi mutalemba pa kope chomwe mukuganiza kuti chikuimanga. Mapepala a nyimbo zakale zambiri amapezeka mwaulere pa tsamba la pa intaneti la IMSLP. Yambani ndi tinyimbo 6 tating'ono ta piyano ta Schoenberg, opus 19, ta mu 1911. Kachiwiri kali ndi mabala 9 okha, ndipo manoti awiri, G ndi B, amangogogoda kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kaimbeni nokha pa kiyibodi, dzanja limodzi ligwire G ndi B, mumve momwe zina zonse zikuzungulira pamenepo. Mukatero tengani 0, 1, 4 wanu uja, mulembe mabala 9 anuanu, mupatse woimba kiyibodi wina awerenge inu muli chete pambali.